Beseni la ku Chilobwe

Kachipangizoko kanali kakang'ono ngati nkhupakupa, ndipo anthu a mu Blantyre ankangokatchula dzina lomwelo. Ukakamata pa chitsulo, kankayamwa mawu amene chitsulocho chinamva kalekale n'kuwatulutsa pa sipika. Akatswiri ankati phokoso lililonse limasiya timizere tosaoneka m'kati mwa chitsulo, ndipo nkhupakupa inkawerenga timizereto.

M'chaka cha 2083, Ndaziona Kachingwe ndiye ankatchuka poimba ndi nkhupakupa. Analibe gitala kapena ng'oma. Ankatola malimu a njinga, zitini, mapaipi ndi zidutswa za malata, n'kuzikoloweka pa mawaya. Pa chionetsero chilichonse ankabwera ndi zitsulo zimene iye mwini anali asanazimvepo, ndipo mafoni a anthu ankatsala m'dengu pakhomo.

Loweruka lina masana, mu holo ina ku Ndirande, anamata nkhupakupa yatsopano pa beseni lopindika limene analitola m'khwawa ku Chilobwe. Poyamba kunamveka madzi. Kenaka mayi wina akuimba motsitsa, mwana akuseka n'kumamenya madziwo.

"Tseka maso, Tikhale, sopo akuwawa," anatero mawu a m'beseni.

Ndaziona anakondwa. Anatenga supuni n'kuyamba kukhwekhweza waya, kutsatira nyimbo ya mayiyo mpaka mawu anatha. Anthu anawomba m'manja.

Bambo wina wa imvi sanawombe nawo. Anayenda pang'onopang'ono kufika kutsogolo, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, ine ndine Likongwe," anatero. "Amene amaimbawo ndi akazi anga. Tikhale ndi mwana wanga. Onse anapita ndi matope a m'phiri, nyumba ndi zonse. Sindinatsale ndi chithunzi ngakhale chimodzi. Chonde, bwerezani."

Ndaziona anamatanso nkhupakupa. Sipika inangoti fwee, ngati mphepo. Anaisuntha n'kuika m'mphepete mwa beseni, kenaka pansi pake. Anayesa nkhupakupa ina, koma zinali chimodzimodzi.

Anaitana Mwatitha, mayi amene ankayang'anira zipangizo za mu holomo. Mwatitha anaunika beseni ndi galasi lake nthawi yaitali.

"Achemwali, nkhupakupa zakale zija sizipezekanso, ndipo zatsopanozi zimakumba mozama kuti mawu amveke bwino," anatero motsitsa. "Zikuoneka kuti zikamawerenga zikusalaza timizere. Muno mwayera. Mulibe kanthu."

"Palibe njira ina?"

Mwatitha anapukusa mutu.

Ndaziona anatembenukira kwa anthu. "Alipo amene wajambula? Sindikwiya. Chonde, ngati wina anabisa foni anene."

Anthu anayang'anana. Ena anacheukira dengu lija pakhomo.

"Ndiye tiimbe ife," anatero. "Tonse taimva."

Anayamba yekha, koma chimene chinatuluka pakamwa pake chinali kalizidwe ka waya wake uja. Mayi wina kumbuyo anayesa, wina n'kumutsutsa kuti sinkakwera choncho. Posakhalitsa holo yonse inkang'ung'udza, aliyense nyimbo yakeyake. A Likongwe ankamvetsera uyu, kenaka uyo, maso ali yuu.

"Ayi, si imeneyo," anatero. "Inenso ndinaiwala kale. Lero ndimati ndiigwire, koma ndangomva theka. Waya wanu unakwera pang'ono."

Sananene mokalipa.

"Beseni ndingatenge?" anafunsa bambowo.

Anawapatsa ndi manja awiri. Iwo analikumbatira pachifuwa, natuluka kukadikira basi yodziyendetsa yokha ya ku Chilobwe. Anthu anatola mafoni awo mwakachetechete n'kumapita.

Ndaziona anatsala atakhala pansi, zitsulo zina zimene anali asanaziimbe zikulendewera pamwamba pake: chitseko cha mbaula, belu la njinga, ketulo yopanda chogwirira. Chilichonse chinali chitasunga mawu a munthu wa winawake, ndipo panalibe njira yodziwira kuti ndi a yani popanda kuwafafaniza.