Mkute wa a Anesi

"Ndati sindidya, basi," anatero Tiyanjane, akukankhira mbale ya nsima kumapeto kwa mphasa. Anakokera pafupi kambale ka nkhwani wotendera, nayamba kudya ndiwo zokhazokha ndi supuni.

A Anesi, mayi ake omupeza, anamuyang'ana modabwa. "Kodi ufawu wanunkha? Ndagayitsa dzulo lomweli ku Nsaru."

"Ufa ulibe vuto, anti. Sindikufuna chabe."

A Anesi sanalimbane naye. Anavundikira nsimayo ndi mbale ina, nakaika pa shelefu m'nyumba.

Tiyanjane anali Folomu 3 pa sekondale yoyendera pafupi ndi Nsaru. Thupi anali nalo ndithu, lakumtundu kwa bambo ake, ndipo anzake a mpira wamanja ankamutcha Belo, ati pothamanga ankaoneka ngati belo la fodya likukwezedwa pa lole. Poyamba ankaseka nawo. Koma tsiku lomwe aphunzitsi anamutulutsa m'bwalo n'kumuuza kuti azilondera majuzi a anzake, kuseka kunathera pomwepo.

Mnzake Chrissy ndiye anamuonetsa njira pa foni ya mlongo wake. Inali njira yochepetsa thupi posinthanitsa masiku. Tsiku lothamanga, munthu adye zokhutitsa monga nsima, mbatata kapena mpunga kuti apeze mphamvu. Tsiku lopuma, zokhutitsazo asaziyandikire n'komwe, angodya masamba, mazira ndi mtedza.

"Koma usakauze anthu kwanu," anachenjeza Chrissy. "Akakuseka mpaka nthiti kuwawa. Kuno munthu akanenepa amati ali pabwino, ndiye iwe ukati chiyani?"

Tiyanjane anatseka pakamwa, nayamba. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu anali masiku a mpira, ndipo ankapitabe kukathamanga nawo. Ankaweruka mochedwa, ndipo ankadzera kwa azakhali ake a Getrude, amene ankagulitsa tomato pamsika wa Nsaru. Kumeneko mitanda ya nsima ankaigwetsa osasiya ndi nyenyeswa zomwe, n'kukafika kunyumba atakhuta kale. Masiku ena onse ankadyera pakhomo, ndipo amenewo ndiwo anali masiku okana. Mtsikanayu anali wanzeru m'kalasi, koma apa maso anali pa siketi yake basi, kuona ngati yayamba kukhwepa. Sanaone chimene ngakhale mwana wa Sitandade 1 akanaona, kuti nsima ya azakhali ankadya, ya a Anesi ankakankha.

Tsono a Anesi sanali a m'mudzimo. Makolo awo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo a Wyson, bambo a Tiyanjane, anawatenga chitengwa mkazi wawo woyamba atamwalira. Achibale sanawalandire ndi manja awiri. A Wyson eni ake ankagwira ulonda m'tawuni ya Lilongwe, ankabwera mwa apo ndi apo. Choncho a Anesi analibe wowaikira kumbuyo. Madzulo aliwonse ankavundikira gawo la Tiyanjane, poti mwina njala imugwira. Kukacha ankadya okha mkutewo ndi tiyi, n'kupita kudimba.

"Iwe, ukudya ngati kunyumba sakupatsa," anatero a Getrude tsiku lina, akumuyang'ana akupukuta mbale. "Kodi mayi ako aja saphika?"

"Amaphika. Ine ndi amene sindidya."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi zanga zimenezo, azakhali."

A Getrude anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anali atamva zomwe ankafuna kumva kuyambira kalekale. Pofika mawa lake, nkhani inali ili pamjigo: mwana wa a Wyson akuopa chakudya cha mkazi wa ku esiteti uja, chilipo chimene anaona. Wina anawonjezera kuti anaona mizu yachilendo pansi pa mafuwa. Wina anati mwanayo wayamba kale kuonda. Pakamwa pa anthu salipira msonkho, ndiye aliyense anathirapo mchere wake.

A Anesi akafika pamjigo, amayi ankasuntha ndowa zawo n'kukhala chete. Tiyanjane anaziona zimenezi kamodzi, koma anati ndi zaakuluakulu, sizikumukhudza.

"Mwana wanga," anatero a Anesi madzulo ena, "ngati ndinakulakwira, nena, ndipepese. Anthu akundiloza zala."

"Thupi ndi langa, anti. Musandikakamize," anayankha Tiyanjane. Anali ndi chizungulire tsiku limenelo, ndipo njala inkamupsetsa mtima. Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko.

Lamulungu lotsatira, pobwera kutchalitchi, anapeza anthu atadzaza pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo. Bambo ake anali atakhala pampando, nkhope ili gwa. Anali atabwera mwadzidzidzi, a Getrude atawaimbira foni. A Anesi anali pansi, paokha, miyendo atatambasula, pambali pawo pali mtolo wa zovala womangidwa m'chitenje. Kumbuyo kwa akuluakulu kunali ana a m'mudzi, ena a iwo apasukulu pake pomwe.

"Si uyu wabwera mwini wake," anatero a Getrude. "Achimwene, mwana akhoza kunama ndi pakamwa, koma mimba sinama. Kwanga amadya mpaka kunyambita zala. Kuno sakhudza. Mukufunanso umboni wanji? Mudikire timuike m'manda?"

"Tiyanjane," anatero a Wyson, "usaope munthu. Unaona chiyani m'chakudya cha mayi akowa?"

Apa mpamene Tiyanjane anaona zonse, masiku ake aja atandandalika ngati mizere ya m'munda, uwu wa azakhali, uwu wa a Anesi. Akanena zoona, mudzi wonse umuseka, ndipo mawa kusukulu dzina la Belo limera mapiko. Akakhala chete, palibe amene amudzudzule. Anayang'ana pansi.

"Musamuvutitse mwanayo," anatero a Anesi, osadzutsa mutu. "Ndipita ine. Mayi anga akadali ku esiteti, sangandikane."

Mawu amenewo anamulasa Tiyanjane kuposa mbama.

"Palibe akupita," anatero mokweza. "Ine ndikuchepetsa thupi. Kusukulu amanditcha Belo, ndipo anandichotsa mu timu. Masiku a mpira ndimadya nsima, masiku ena sindidya. Ndi njira imene ndinaiona pa foni, ngakhale imandipatsa chizungulire. Kungoti masiku a mpirawo ndimadyera kwa azakhali."

Ana aja anaphulika ndi phwete. "Belo! Belo!" wina ananong'ona mokweza. Akuluakulu anayang'anana ngati wayankhula chilankhulo chakunja.

"Bodza lenileni!" anakalipa a Getrude. "Munamva liti kuti nsima ili ndi masiku ake ngati msika wa Msundwe? Munthu n'kukana chakudya dala, chilipo, ati akufuna kuonda? Amuopseza mwanayu kuti aname. Taonani mmene akunjenjemerera."

Anthu anavomereza ndi mitu. Nkhani ya mizu ija inali yomveka kwa iwo kuposa ya masikuyi. Ngakhale a Wyson anaoneka okayika.

Tiyanjane anaona kuti mawu sakuthandiza. Anadutsa pakati pa anthu, nalowa m'nyumba. Pa shelefu panali mbale ija, yovundikira monga mwa masiku onse. M'mawa umenewo a Anesi sanathe kudya kanthu, ndiye mkute unali momwemo, wozizira, utachita chikhungu pamwamba. Anatuluka nawo, nakhala pansi pafupi ndi a Anesi, pamaso pa onse.

"Iyi anaphika dzulo, anaphikira ine," anatero. "Lero si tsiku langa lodya nsima. Koma ngati muli mankhwala, ndife pompano muone."

"Iwe, taya zimenezo!" anakuwa a Getrude.

Tiyanjane ananyema mbamu yaikulu, naiponya mkamwa. Panalibe ndiwo, ngakhale mchere. Nsima yozizira inkakakamira pakhosi, misozi n'kumalengeza m'maso, koma anameza. Ananyemanso ina, maso ali pa azakhali ake. Ana aja analeka kuseka. Anadya mtanda woyamba, nayamba wachiwiri, mpaka mbale inayera. Kenako anaitembenuza chafufumimba pa dothi.

"Azakhali," anatero akupuma mwamphamvu, "munandifunsa, ine ndinakuyankhani mwachipongwe. Pamenepo ndinalakwa. Koma za mankhwalazi sindinanene ine. Munazitenga kuti?"

A Getrude anakonza chitenje chawo, nati tomato wawo ali yekha kumsika, ngakhale aliyense ankadziwa kuti Lamulungu sagulitsa. Amayi aja amene ankati anaona mizu anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya nyemba pamoto. Mmodzimmodzi anthu anabalalika.

A Wyson anatsala ataweramitsa mutu. "Mayi," anatero kwa mkazi wawo, "ndachita manyazi. Ndinafulumira kumvera." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwenso, za thupizi tikafunse kuchipatala, osati pa foni ya munthu. Chizungulire chimene ndamva chija sindikuchifuna."

A Anesi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ukanangondiuza, mwana iwe," anatero. "Bwenzi ndikuthira ufa wochepa, n'kukuchulukitsira masamba ndi nyemba. Kudimba zadzaza. Taona tsopano, mkute wako wonse uja ndinkamaliza ndine. Wonenepa pano ndine."

Tiyanjane anafuna kuseka, koma m'malo mwake analira. Anaimirira kuti alowetse mtolo uja m'nyumba. Anakonzekera kuunyamula ndi manja awiri, koma unanyamuka ndi dzanja limodzi. Anaima kaye, akuuyang'ana. Zaka zonse zimene a Anesi anaphika, kuchapa ndi kulima pakhomo pano, zawozawo zinali zomwezi basi, zitenje zingapo ndi nsapato zapulasitiki. Ndipo akanapita nazo lero lomwe, wapansi, chifukwa cha iye.

Anaukumbatira mtolowo pachifuwa.

"Amayi," anatero, ndipo a Anesi anadzidzimuka, poti mwanayu anali asanawaitanepo choncho. "Mawa ndi tsiku la mpira. Ndikaweruka ndidzadyera kuno."