Phando Lapakati pa Munda

Anthu ankamutcha Kaphulusa chifukwa dothi la m'munda mwake linali ngati phulusa. Mvula ikagwa, madzi ankatha tsiku lomwelo. Mavwende ake ankangomera masamba awiri, ng'amba n'kuwawotcha asanayange. Kutsidya kwa malire, mlamu wake ankadzaza lole chaka ndi chaka.

"Thirani manyowa, alamu, muphimbire ndi udzu," ankatero mlamuyo.

"Ndakufunsani?"

Chaka chachinayi Kaphulusa anapita kwa sing'anga.

"Ana muli nawo angati?" anafunsa sing'angayo, akupera mizu.

"Atatu."

"Pa phando mumabzala nthanga zingati?"

"Zitatu. Zikamera timapatulira, n'kusiya yamphamvu."

"Ndiye ntchito mukuidziwa kale. Pa phando lapakati pa munda, nthanga iliyonse muitche dzina la mwana. Mukazula mmera umodzi, chinyontho chibwera m'nthaka yanu."

"Nanga mwanayo?"

"Mwabwerera mavwende kapena mafunso?"

Kaphulusa anamva bwinobwino. Analandira mankhwalawo.

Zonse zitatu zinamera. Ng'amba itafika, anazula mmera wowonda. Mawa lake anapisa dzanja m'dothi, linali lonyowa mpaka m'chigongono. Kunyumba, mwana wotsiriza anayamba kupempha madzi. Ankamwa, ludzu osatha. Anamwalira tsiku lachitatu, milomo itang'ambika.

Mavwende anayanga, nachita maluwa. Kenako masamba anayambanso kufota, ogula atabwera kale kudzaona munda. Kaphulusa anaima nthawi yaitali pa phando lija. Anazula wachiwiri.

Ataika maliro achiwiri, mkazi wake anamupeza atagwada pakati pa munda, akuthirira mmera umodzi ndi madzi akumwa, akuuitana dzina la mwana wawo woyamba.

"Uwu ndi mwana wanga? Nanga iwiri ija munazula apa inali ndani?"

Kaphulusa anapitiriza kuthirira.

"Ndinabereka ine, inu n'kumapatulira ngati mbewu?"

"Ndasiyatu wamphamvu," anayankha.

Tsiku lomwelo mayiyo anatenga mwana wotsalayo napita kwawo. Malole anabwera, ndalama zinalowa, koma Kaphulusa sanachoke pa phandopo. Anamanga mthunzi, ankathamangitsa mbuzi, ankatunga madzi kutali. Anali ataiwala chimene mlimi aliyense amadziwa: vwende si mtengo. Nyengo yake ikatha limauma, ngakhale ulithirire motani.

Uthenga wa maliro a mwana wotsala uja unabwera sabata yomwe tsinde linauma.

Mpaka lero amakhala pomwepo, akuthira madzi pa dothi lopanda kanthu, akutukwana aliyense woponda pafupi.

Nthaka youma imapempha manyowa, udzu ndi kudikira. Dyera ndilo limapempha ana, ndipo silikhuta ndi mmodzi.