Tulo ta Mkamwini

A Bizwick anagona pa nthawi yolakwika. Linali Lamulungu masana, anthu atangoweruka kutchalitchi, ndipo banja lonse linali pansi pa mtengo wa mapeyala kumvera a Dixon, mwinimbumba, mlongo wawo wa akazi awo a Bizwick. A Dixon akatsegula pakamwa sankadziwa polekezera. Anali pakati pofotokoza udindo wa mkamwini pamudzi pamene panamveka mkonono. Anthu anatembenuka. Mkamwini uja anali atatsamira tsinde la mtengo, chipewa chili m'manja mwaulemu wake, kukamwa kuli yasa.

Leah, mwana wawo woyamba, yemwe anali Fomu 2, anagwidwa ndi manyazi osakanikirana ndi mkwiyo. Msonkhanowo unali wa bambo ake omwewo. Chikwatirireni ku Mphuka, a Bizwick ankayenda wapansi kukathyola tiyi ku esiteti, ndipo kale zinkatheka. Koma chaka chimenecho gulu lawo analisamutsira ku minda ya kuseri kwa phiri. Ankanyamuka tambala atangolira, n'kubwera ana atagona. Happy, mwana wotsiriza, ankawathawa ngati mlendo. Akapitawo anawamvera chisoni n'kuwapezera nyumba ku malayini a antchito a esiteti, pafupi ndi mindayo, koma ankafuna yankho mawa lake Lolemba, apo ayi nyumbayo apatsa wina. Vuto linali lakuti mkamwini sangonyamula mkazi ndi ana pamudzi wa eni ake. Ayenera kupempha, ndipo wopemphedwayo anali atayamba kale kukana.

Maganizo a a Dixon anali akuti mtunda si nkhani kwa mwamuna. Iwo ali mnyamata ankapita ku Thekerani atasenza mkoko wa nthochi, osadandaula. Leah anali ataimva nkhani imeneyi kambirimbiri, ndipo ankaona kuti chaka chilichonse mkokowo unkakula, njirayo n'kumatalika. Chomwe amalume akewo sankanena n'chakuti ankapitako kamodzi pa mwezi, ndiponso kuti masiku ano ngakhale kuchigayo ankapita pa njinga yamoto.

A Dixon anasiya kulankhula. Nkhope yawo inachita mdima. Kugona mwinimbumba akulankhula kunali chipongwe choti nkhuku imodzi sikanathetsa, ndipo akamwini ena anapakirapo katundu pa zifukwa zochepa kuposa chimenechi.

"Iwe Leah, tawadzutsa bambo akowo."

Leah anayang'ana mapazi a bambo ake, otupa, zidendene zitang'ambika, dothi lofiira la m'munda wa tiyi litakanirira m'ming'alu ngakhale anasamba.

"Sindiwadzutsa, amalume."

Azakhali ake ena anagwira pakamwa. Mwana wamkazi pamsonkhano wotere ntchito yake ndi kutunga madzi akumwa, osati kuyankha. A Dixon anafunsa ngati ndi zimene amaphunzitsa kusekondale masiku ano. Leah anagwada monga mwa mwambo, koma mutu sanaweramitse. Mawu ake anatuluka olimba.

Anawauza kuti pa holide anawaperekeza bambo ake kuntchito tsiku lina, chifukwa anali ndi chifuwa ndipo amayi anamutuma kuti awanyamulire chakudya. Anadutsa m'madimba mame akufika m'chiuno, anawoloka mtsinje nsapato zili m'manja, anakwera chitunda chomwe iye anachimaliza chokwawa. Pofika kumunda wa tiyi dzuwa linali litatuluka, iye miyendo italema moti anangodzigwetsa pansi. Bambo ake sanakhale n'komwe. Anabereka dengu kumsana n'kulowa mumzere, chifukwa ntchito inali isanayambe. Ndipo popeza ofika mochedwa amapatsidwa mizere ya kuphedi, kotsetsereka, komwe masamba ndi ochepa, anathera tsiku lonse atapendekeka ngati mbuzi ya paphiri.

"Madzulo tinabwereranso njira yomweyo," anatero Leah. "Ine ndinagona masiku awiri. Iwo m'mawa mwake anapitanso. Ndiye lero mukuti ndiwadzutse kuti amve kuti mtunda si nkhani?"

A Dixon anati mwana sangaweruze za pamudzi. Anakumbutsa anthu kuti mbumba ikabalalika minda imagonera, ndipo munda wogonera amapatsa wina. Ngati banjali lipita ku malayini, munda wa kudambo aiwale. Apa panali pamene ankadziwa kuti pawawa, pakuti munda umenewo unali wa amayi a Leah, a Mervis, ndipo tsiku lina unali kudzakhala wa Leah yemweyo.

Leah anamva kuwawa ndithu. Mundawo ankaukonda, nandolo wa m'mphepete anadzala yekha. Komabe ananena kuti ngati mundawo ndi wake wa m'tsogolo, ndiye kuti ali ndi mawu pa iwo, ndipo mawu akewo ndi akuti bambo ake asafere panjira chifukwa cha iwo.

A Mervis anali atakhala nthawi yonseyi maso ali pansi, akusenda kamtengo ndi chikhadabo. Anali munthu woopa mlongo wawo kuyambira ubwana. Anadzuka pang'onopang'ono, anamasula chitenje cha pamwamba n'kuwafunditsa amuna awo kumapazi, komwe ntchentche zinkasonkhana.

"Achimwene, ine ndikupita ku malayini," anatero motsitsa mawu. "Loweruka lililonse ine ndi Leah tizibwera kudzalima. Njirayo tiiyende ife kamodzi, osati awa tsiku ndi tsiku. Mukaona kuti sizikukwanirani, mundawo perekani."

Zinawakulira a Dixon. Mkamwini akanamuthamangitsa, mwana akanamukalipira, koma mlongo wawo akanamutani? Mkwiyo unawaimiritsa mwadzidzidzi, mpando wawo n'kugwera pa ndowa yachitsulo yomwe inali kumbuyo. Phokoso lake linamveka mudzi wonse.

A Bizwick anadzambatuka. Anaona dzuwa lili pamutu, maso awo n'kutuluka ndi mantha.

"Ndachedwa. Mayi a Leah, bwanji simunandidzutse?"

Sanaone anthu, sanaone alamu awo. Anataya chipewa, anapunthwa pa chitenje chija, n'kuyamba kuthamanga chotsimphina kulowera njira ya kumadimba, opanda nsapato, malaya a kutchalitchi ali m'thupi. Ana ena anayamba kuseka koma anasiyira panjira, chifukwa panalibe wamkulu amene anaseka.

Amene anawathamangira anali a Dixon. Ndi mimba yawo ija anawapeza pafupi ndi nkhokwe n'kuwagwira mkono. A Bizwick ankalimbana nawo, akuti awasiye, akapitawo alemba kuti sanabwere. A Dixon anawagwira mapewa onse awiri mpaka munthuyo anaima, akupuma mwabefu, akuyang'ana uku ndi uku ngati wosochera pamudzi pomwe anakhalapo zaka zonsezi.

"Alamu, lero ndi Lamulungu," anatero a Dixon.

Anabwerera nawo pansi pa mtengo atawagwira dzanja. Anadzutsa mpando wawo uja, mpando wokhawo pamsonkhanopo, n'kuwakhazikapo. A Bizwick atazindikira zomwe anachita anayamba kupepesa, akuti nkhuku apereka, ndipo za nyumbazo zisavute, iwo aziyendabe.

A Dixon anakhala pansi, pa dothi, pafupi ndi mapazi otupa aja.

"Mawa ndikakutulani pa njinga," anatero. "Mukawauze akapitawo kuti nyumbayo yapeza eni ake."