Dzina Lomwe Silinafike pa Disiki

Anatseka ofesi ya mafayilo akale a chipatala basi yomaliza itapita kale. Anzake ankamutcha Kadzidzi, poti ndiye ankatsalira yekha ndi kompyuta tsiku lililonse. Nanga kunyumba akanathamangira ndani? Mwamuna anachoka kalekale, mwana analibe, ngakhale mphaka.

Ntchito yake inali yolemba mayina ndi madeti pa zithunzi za anthu amene anafera m'chipatalamo n'kuikidwa opanda wachibale. Madzulo amenewo anapeza dzina la chithunzi nambala 417 m'kaundula wodyedwa ndi chiswe. Atangolitaipa, tsambalo linanyenyeka m'manja mwake ngati ufa. Tsono pulogalamu yakeyo inali ndi khalidwe lake: zonse zimene wasintha inkangozisunga m'mutu, mpaka utailamula kuti izilembe pa disiki. Ndipo ikakwana leveni koloko, mlonda ankazimitsa jenereta.

Njira yopita kunyumba inali zii. Atafika pa mlatho anamva mapazi kumbuyo. Ataima, nawonso anaima. Atayenda... phazi, phazi, opanda nsapato.

Anacheuka. Mayo ine! Bambo wowonda, atafunda bulangeti la m'chipatala, chipsera pamwamba pa diso.

"Mayi, simunandisunge."

"Ndi... ndinu ndani, bambo?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndakuuzani. Zaka zonsezi palibe wandiitanapo. Lero ndinamva ngati wina wanditchula. Koma likuzimanso."

Galu anauwa kutali. Pobweza maso, pa mlatho panalibe munthu.

Mwadzidzidzi anakumbukira. Lamulo losungira lija! Sanalilembe. Anayesa kukumbukira dzinalo, koma tsiku limenelo anali atataipa mayina mazana awiri. M'mutu munali mbee. Tsamba la m'kaundula lija linali litanyenyeka kale. Dzinalo linatsala mokha m'kompyuta imene anaisiya yoyaka, ndipo panatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti jenereta izime.

Anavula nsapato. Analiyatsa liwiro.

Anapeza mlonda atawerama kale pa jenereta.

"Achimwene, dikirani! Chonde musazimitse!"

"Aa, achemwali, mwayamba kugona konkuno? Kompyutayo ikukwatirani tsiku lina."

Anangothamangira ku chitseko cha ofesi. Makiyi anagwa kawiri. Atalowa, analemba lamulo lija, n'kulakwitsa. Analembanso. Kagetsi ka disiki kanaphethira... kanaphethiranso... kenaka zii. Zasungidwa.

Apo m'pamene anatsegula chithunzicho, chomwe madzulo aja sanachiyang'ane n'komwe. Nkhope yowonda. Chipsera pamwamba pa diso. Anamwalira zaka khumi ndi zinayi zapitazo, palibe anabwera kudzamutenga.

Mantha anatha, kunatsala chisoni. Anadzifunsa kuti iyeyo akadzafa, adzabwera ndani. Anapukuta misozi, n'kuwerenga dzinalo mokweza, pang'onopang'ono, monga mmene umaitanira munthu kuti alowe m'nyumba.

Jenereta inazima. Mumdimamo, kuseri kwa chitseko, mawu otsika anayankha:

"Ndili pano, mayi."