Mfuti Yodziwa Mayina

Zidole zamagetsi zinatuluka m'fumbi zikuthamanga ngati anthu enieni. China chinabereka mwana kumbuyo, china chinasenza ndowa, china chinagwira khasu, ndipo chapakati chinabisa chikwanje m'malaya. Sajeni Yotamu Kambalame anakweza mfuti yatsopano ya m'manja imene ankaiyesa, nailozetsa dala kwa chidole chobereka mwana. Anafinya kachitsulo kowombera ndi mphamvu zake zonse.

Mfuti sinalire.

"Ayi, a Sajeni," inatero ndi mawu ofatsa. "Ameneyu ndi mayi wodzatunga madzi."

Nthawi yomweyo chidole chapakati chinasolola chikwanje chija. Yotamu anatembenuza dzanja, mfuti inalira kamodzi, ndipo chikwanje chinagwa pansi pamodzi ndi mkono umene unachigwira. Zidole zina zonse zinadutsa osakhudzidwa.

Chinali chaka cha 2069. Mvula inali itasiya kale kusunga nyengo zake, moti midzi yambiri ya ku Mchinji inkamwa madzi a m'mathanki akuluakulu odzazidwa ndi mapampu oyendera dzuwa. Mathankiwo ankayang'aniridwa ndi gulu lotchedwa Alonda a Madzi, ndipo mlonda aliyense ankanyamula mfuti ya m'manja ya mtundu wa Mphenzi 3. Mfuti imeneyi inali chitsulo chabe, yomvera chala cha aliyense. Tsopano kunabwera Mphenzi 8, imene alonda ankaitcha Yamaso. Pansi pa mpope wake panali diso laling'ono ngati njere ya nyemba, ndipo m'chogwirira munali kaubongo ka kompyuta.

Mayi Ndaziona Makwinja, katswiri amene anabwera nayo kuchokera kumzinda, anailandira naipukuta fumbi.

"Imadziwa chikhatho cha mwini wake yekha," anatero. "Munthu imamuzindikira ndi nkhope. Nkhope ikabisika, imayang'ana kayendedwe ndi kaumbidwe ka mafupa, nifunsa dzina ku nkhokwe ya mayina kumzinda. Diso lake limaona ngakhale mu utsi, m'fumbi kapena kuseri kwa nsalu. Ikaona munthu akukuthamangirani ndi chida, imanena mokweza chimene yaona, kuti inu ndi anthu okuzungulirani mumve, mantha athe."

"Singawombere munthu wosalakwa? Ngakhale ine nditafuna?"

"Mwaona nokha, bambo. Komatu isatalikirane nanu. Mukaisiya imadzitseka, ndipo kukaitsekula kwake ndi kumzinda. Khalani nayo masiku ano. Lolemba mutiuze ngati alonda anu atenga iyi kapena atsala ndi yakale. Akuluakulu a gulu akuti mawu omaliza ndi anu."

Yotamu anaiika m'thumba lake la m'chiuno. Mtima wake unali utasankha kale, koma sananene.

Ankakhala kwa Kanyenda, kumudzi kwa malemu mkazi wake, Nankhoma. Anapitako ngati mkamwini ali mnyamata, koma ntchito inamuyendetsa m'maboma akutali zaka zambiri, moti mkazi wakeyo ankamuona pa tchuthi pokha. Chaka cha chilala chachikulu, iye ali kutali, anthu anakankhana pa thanki ya kwa Kanyenda. Mlonda wina wachinyamata anachita mantha, Mphenzi 3 inalira, ndipo chipolopolo chinapeza Nankhoma ali ndi ndowa pamutu. Yotamu anafika ataika kale maliro. Anagwada pa mtumbira nalonjeza kuti pa thanki iliyonse imene iye adzailamulire, munthu wodzatunga madzi sadzafanso ndi mfuti.

Maliro atatha, abale a mkazi akanatha kumusudzula kuti abwerere kwawo. Koma mlongo wake wa Nankhoma, Zakeyu, amene anali mwini mbumba, anangoti, "Kwanu nkuti? Khalani."

Loweruka m'mawa, tsiku lovundukula chiliza cha Nankhoma, Zakeyu anabwera akutsimphina pang'ono ndi bondo lake lakumanzere. Anakhala pakhonde nadzithirira tiyi osadikira kuuzidwa.

"Alamu, ndamva kuti mwakwatiranso mwakachetechete. Akuti mkazi watsopanoyu ngolongolola, ndipo mumagona naye pamphasa imodzi."

"Koma sadya mbatata zanga ngati anthu ena," anayankha Yotamu, akumukankhira mbale.

"Tamuonetseni. Kodi amadziwa kupereka moni kwa alamu ake?"

Yotamu anaiika mfutiyo pampando. Zakeyu anaiyang'ana osaigwira.

"Yakale ija inali bwino," anatero. "Ukaiuza khala chete, imakhala chete. Inkamvera munthu. Iyi munthu ndiye aziimvera."

"Yakale ija ndi imene inapha mlongo wanu."

"Chinapha mlongo wanga si chitsulo, alamu. Anali mantha a mwana uja."

"Ndiye mantha adzatha liti? Ndaphunzitsa alonda zaka zonsezi. Amene amawombera bwino pabwalo la maphunziro ndi amene amanjenjemera gulu likakankhana. Ine ndemwe sindidziwa chimene chala changa chikanachita tsiku lija. Mantha sindingawachotse mwa munthu, koma ndapeza mfuti imene ilibe."

Zakeyu anatafuna mbatata kwa kanthawi.

"Nanga masana ano mupita nayo kubwalo? Mukudziwa kuti zirombo za gule wamkulu zikutuluka."

"Sindingaisiye, idzitseka. Ikhala m'kati mwa jekete. Siona kanthu."

"Chabwino. Inuyo ndinu wometa, munalowa gule, mwambo mukuudziwa." Anadzuka akugwira bondo lija. "Ine ndili ndi kaulendo pang'ono. Mukandisowa kubwalo musandifunse."

Nankhoma anali wotsogolera nyimbo za gule. Ali moyo, mawu ake ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo Yotamu akamabwera pa tchuthi ankadziwa kuti wafika kwawo asanaone denga la nyumba. N'chifukwa chake akuluakulu a kudambwe, kumene zirombo zimachokera, anavomera kuti gule atuluke pomulemekeza. Kwa Kanyenda anthu ankalipira madzi ndi chikhatho, ankalandira mankhwala kuchokera ku tindege topanda woyendetsa, koma chirombo chinali chikhalirebe chirombo. Mwana akafunsa, ankauzidwa kuti chachokera kumanda, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Atavundukula chiliza, anthu anasonkhana pabwalo pansi pa mikuyu. Ng'oma zinayamba. Amayi anaima mbali imodzi akuomba m'manja, nayambitsa nyimbo imene Nankhoma ankaikonda. Yotamu anakhala kutsogolo, jekete atamanga mabatani onse. Anatseka maso kuti amve ngati mawu aja angamveke pakati pa mawu a anzake.

Mfuu ya ana inamutsegula maso. Chirombo chinatulukira kuthengo, chofiira kumaso, nthenga zili yangayanga kumutu, thupi lonse litapakidwa matope, nkhwangwa ili m'manja. Chinapalasa fumbi mpaka dzuwa linachita mdima. Kenaka, monga mwa mwambo wake, chinathamangira kumene kunali ana chitakweza nkhwangwa. Anawo anabalalika akukuwa ndi kuseka, ndipo ena anathawira kumbuyo kwa Yotamu. Chirombo chinawatsatira.

Pamenepo mawu ofatsa aja anatuluka m'jekete, okweza kuposa ng'oma.

"Musaope. Palibe choopsa. Nkhwangwayi ndi yamtengo. Amene akubwerayu ndi munthu wa m'mudzi muno."

Ndipo inatchula dzina. Inatchula ndi mfunda womwe, zaka zake, ndi bondo lakumanzere lopweteka. Dzinalo silingalembedwe pano, pakuti silinayenere kutchulidwa ngakhale pabwalo paja.

Ng'oma yaikulu inayamba kuleka, zinazo zinatsatira. Manja a amayi anatsala m'malere. Chirombo chinaima pakati pa fumbi, nkhwangwa ikadali m'mwamba, chifuwa chikukwera ndi kutsika. M'chete mujamo munamveka mawu a kamtsikana, mdzukulu wa Zakeyu.

"Amayi, bwanji yatchula agogo?"

Mayi wake anamutseka pakamwa ndi chikhatho. Chirombo chinatembenuka n'kulowa kuthengo, chosathamanga, chikuyenda ngati munthu. Nyimbo ya Nankhoma inathera pakati.

Zakeyu anabwera Lamulungu masana. Sanakhale pakhonde. Anaima pabwalo la nyumba, chipewa chili m'manja.

"Kazitape wanuyo akumva?"

"Akumva. Alamu, ndalakwa. Mayi uja anandiuza kuti diso lake limaona kuseri kwa nsalu. Ine ndinkangoganiza za mbava."

"Ana a m'mudzi muno dzulo madzulo amasewera zotsimphina, atadzipaka matope. Mdzukulu wanga sakundiyang'ana kumaso. Ndatumidwa ndi akuluakulu. Gule wa mlongo wanga abwerezedwa Loweruka likubwerali, chifukwa nyimbo yake singasiyidwe pakati. Inu mupereka mbuzi. Zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu n'chakuti mawa mukaibweze mfuti imeneyi, mutenge yakale. Mukatero mlandu watha, mudzakhala pamalo panu kutsogolo."

"Ndikapanda kubweza?"

"Inu ndi alonda anu simudzapondanso pabwalo gule ali m'kati. Ndipo tsiku lanu likadzafika, ng'oma sidzalira pamaliro anu."

Yotamu anayang'ana kumanda, kumene chiliza chatsopano chinkawala pakati pa mitengo.

"Ndikapempha kuti aitseke pakamwa."

"Pakamwa si nkhani. Chinthu chimene chimayang'ana chirombo n'kuona mafupa a munthu sichingayandikire bwalo, chilankhule kapena chisalankhule. Alamu, mwakhala kunja zaka zonse zija. Mwabwera, takulandirani. Mukufuna kukhalanso mlendo muli pakhomo?"

"Sindikufuna."

"Ndiye bwezani."

"Alamu, dzulo lija, mlonda wanga wina akanakhala pamalo panga. Ena mwa iwo anakulira kumzinda, gule sanamuonepo. Aone nkhwangwa ili m'mwamba, ana akukuwa, m'chiuno ali ndi yakale ija. Lero tikanakhala tikukumba pafupi ndi mlongo wanu."

Zakeyu anatembenuza chipewa m'manja mwake.

"Mwina," anatero kenaka. "Koma tikanaika chirombo, osati munthu."

"Ine ndikanaika mlamu wanga."

Zakeyu anavala chipewa. Atafika pampanda anacheuka.

"Mutu wanu ndi wouma ngati wa mlongo wanga. Nyumba ndi yanu, sindikukusudzulani. Koma za kubwalo sindingazisinthe."

Lolemba, Mayi Makwinja anamva nkhani yonse atagwira pakamwa.

"Pepani, bambo. Tinaiphunzitsa kuzindikira mbava zovala zigoba kumaso. Za gule palibe amene anaziganizira. Mawu ndingawachepetse kuti muzimva nokha m'khutu. Koma kudziwa idziwabe. Ikaleka kudziwa anthu, ilekanso kuwasiya amoyo. Ziwirizi n'chinthu chimodzi."

Patebulo panali mfuti ziwiri. Yotamu ananyamula Mphenzi 3. Chogwirira chake chinali chitasalala ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo chinakhala m'chikhatho mwake ngati dzanja la mnzake wakale. Ndi mfuti imeneyi akanakhala kutsogolo Loweruka, namva nyimbo ija mpaka kumapeto. Anaigwira nthawi yaitali, kenaka anachotsa zipolopolo naikankhira kwa mayiyo.

"Yakaleyi tengani. Alonda anga onse alandire Yamaso. Muichepetse mawu, ndipo tsiku la gule pasapezeke mlonda wanga pafupi ndi bwalo lililonse. Ndidzawauza ndekha."

"Nanga inuyo, bambo? Si gule wa mayi a kunyumba ameneyu?"

"Ndi wawo. Adzamuvina bwino ine kulibe."

Loweruka masana Yotamu anaima pa thanki ya kwa Kanyenda, pamalo pomwe Nankhoma anagwera. Mzere unali waufupi, pakuti anthu ambiri anali kubwalo. Mayi wina wobereka mwana anadzaza ndowa yake, namupatsa moni, napita. Mphepo inachokera kumadzulo itanyamula ng'oma, kenaka mawu a amayi. Anali kutali, koma nyimbo anaizindikira.

"A Sajeni," inanong'ona mfuti m'khutu mwake, "ndikumva mawu a anthu ambiri kumadzulo. Ndiwazindikire?"

"Ayi. Asiye."

Anavula chipewa naimirira chilili mpaka nyimbo inafika pamene inadukira tsiku lija, nipitirira, nitha. Atatero anavalanso chipewa n'kutsegulira madzi munthu wotsatira.

Kuyambira chaka chimenecho, pa mathanki a Kambalame sipanafenso munthu wodzatunga madzi. Sipanapezekenso mlonda pabwalo la gule. Opanga mfuti ija anaiphunzitsa dzina la munthu aliyense, koma panalibe amene anaiuza kuti pali tsiku limene munthu amasiya dzina lake kunyumba.