Batani la Malaya a Injiniya

Chithunzi choyamba chinapezeka Lachiwiri m'mawa, mu foda ya pa intaneti imene Injiniya ankadziwa bwino lomwe kuti munalibe kanthu.

Anthu ankamutcha Injiniya chifukwa ankakonza mawebusayiti. Ina anapangira mkazi wake, telala wa manja abwino, kuti aziikapo zithunzi za madiresi. Chilichonse chimene mayiyo ankatumiza chinkakagwera mu foda yotseguka, yoti aliyense wokhala ndi linki n'kuona. Koma telala uja analibe nazo ntchito. Ankaponyamo za ukwati, za pakhonde, ngakhale zimene anajambulidwa tsitsi lili nyankhalala.

"Mayi, izitu dziko lonse likuona," ankadandaula Injiniya.

"Lione. Kodi munakwatira chinthu chobisa?"

Matenda anamutenga mayiyo m'milungu itatu yokha, foni yake n'kubedwanso kuchipatala. Patatha mwezi, Injiniya, pofuna kutanganitsa mutu, anakonza pulogalamu ya webusayitiyo n'kuika yatsopano pa seva, kompyuta yosungira webusayitiyo. Anaiwala chimene ankalalikira anzake tsiku ndi tsiku, kuti mafayilo otumizidwa ndi anthu sasungidwa m'kati mwa pulogalamu. Yatsopanoyo inasesa zonse. Nkhope ya mkazi wake anaifufuta ndi chala chake chomwe, ndipo tsiku limenelo analira kuposa pamaliro.

Ndiye lero, chithunzi cha diresi lobiriwira ichi, chabwerera chokha! Lachitatu anapeza china, mayiyo ali pamakina, zingano zili kukamwa. Lachinayi chinanso, akuseka, dzanja lili pamapewa a mwamuna wake. Injiniya anatsegula kaundula wa seva, mmene mumalembedwa aliyense wolowa. Zonse zinatumizidwa usiku, pa dzina la malemu.

Nkhani inafalikira. Mayi woyandikana nawo ankanong'oneza anthu kuti kukada amamva makina akusoka m'chipinda chokhoma. Ena ankangoti bambo uja mutu wayamba kuzungulira. Iye mantha anali nawo, inde, koma ankadzuka mothamanga ngati munthu woyembekezera mlendo.

Lachisanu dzuwa litangolowa kunabwera mlamu wake, mng'ono wa malemu. Palibe anakumbuka kuyatsa getsi. Mdima unadzaza pang'onopang'ono kuyambira m'makona, n'kumeza makina osokera amene anali ovundikira ndi nsalu, mpaka m'chipindamo munangotsala kuwala kwa kompyuta ndi kulira kwa nyenje panja.

"Alamu," anatero mlamuyo chapansipansi, "ndine ndimatumiza. Akulu anga anandipatsa pasiwedi kalekale. Poti foda inali yotseguka, ndinkasungako zina. Kukupatsani pamanja ndinalephera, ndikanangolira."

"Zitatu zonsezi?"

"Zonse. Zinali zomwezo basi, ndilibenso china."

Injiniya anapuma mozama. Mantha anachoka, koma chimene chinalowa m'malo mwake chinali chowawa kwambiri: ndiye kuti mawa sikubwera kanthu.

Akuganiza zimenezo, mu foda munatulukira fayilo yachinayi. Manja a mlamu anali pamiyendo, foni yake ili patebulo, yozima. Sichinali chithunzi ayi, anali mawu. Injiniya anaitsegula.

Poyamba kunamveka kupuma. Kenako makina, tchakatchakatchaka, n'kuima. Kenako kukhosomola kuja, kumene onse awiri ankakudziwa.

"Bambo," anatero mawuwo mwachifatse, "batani la malayawo lachoka. Mwayenda choncho pa anthu tsiku lonse?"

Injiniya anayang'ana pachifuwa. Batani lachitatu linali litathothoka m'mawa womwewo.

Mlamu anakuwa n'kugwetsa mpando. Manja a Injiniya anayamba kugwira ntchito okha monga anazolowera pakalowa wakuba. Anafufuta fayiloyo, anatseka foda, anachotsa dzina la malemu. Zonse zinatha asanameze malovu.

Kutacha m'pamene anazindikira chimene anachita. Kachiwiri! Mkazi anabwera kudzamufunsa za batani, iye n'kumutsekera pakhomo. Anabwezeretsa dzina lija ndi pasiwedi yomweyo, foda n'kuitsegula kuti dziko lonse lione, monga mwiniwake ankafunira.

Papita chaka tsopano. M'mawa uliwonse amayang'ana mu foda asanasukusule, osapezamo kanthu. Malaya aja amawavalabe. Mlamu wake akabwera ndi singano amamukaniza mofatsa.

"Asiyeni, alamu. Mwina akaona adzafunsanso."