Nyali za M'khola la a Douwe

Rinske analowa m'khola akuthamanga, kalata ya kukhonsolo ili m'manja.

"Ababa, tawina! Akuti nyali zathu sizikuphwanya lamulo ayi!"

Bambo ake, a Douwe, anali kukankhira udzu kwa ng'ombe zawo za mkaka. Anangoti, "Oho," n'kupitiriza ntchito. Munthu ameneyu mawu ankachita ngati amagula kusitolo.

Khola lawo linali lotsegula m'mbali kuti mphepo izilowa. Nyengo yozizira kuno kudera la Friesland kumada msanga, choncho alimi amayatsa nyali mpaka usiku, poti ng'ombe ikakhala nthawi yaitali powala imatulutsa mkaka wambiri. Lamulo la m'mudzimo linkati kuwala kusapyole muyeso, ndipo nyali zizizima pofika leveni koloko. Amene anakadandaula anali mayi Tjitske a kutsidya kwa ngalande. Ankati amuna awo, a Auke, amene ankadwala, sagona chifukwa cha kuwalako. Koma munthu wa kukhonsolo anabwera, anayeza ataima pamsewu, ndipo sanapeze cholakwa.

"Ndikawaonetse kalatayi mayi aja," anatero Rinske. "Mkaka amamwa, tchizi amadya, koma ng'ombe akufuna zizidyera mumdima ngati makoswe!"

"Dikira kude. Tipitira limodzi."

Rinske anakondwa, poganiza kuti lero bambo ake akalankhula.

Cha m'ma eyiti analowa m'nyumba ya mayi Tjitske kudzera khomo lakuseri monga amachitira anansi, n'kusiya nsapato zawo zamatabwa pakhomo. Mayi Tjitske ataona kalatayo nkhope inagwa.

"Ndamva kale, a Douwe. Mwabwera kudzandiseka?"

"Ayi, mayi. Ndabwera kudzaona khola langa."

"Khola lanu lili kwanu."

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikuliona ndili m'kati. Nyumba yanga ili kuseri kwake. Mbali yanu ino usiku sindinaionepo."

Mayiwo anawatsogolera kuchipinda cha a Auke. Sanayatse getsi, ndipo panalibe chifukwa. Pawindo panali makatani awiri ndi bulangete lokhomedwa ndi misomali, komabe kuwala kunkalowa m'mbali ndi pamwamba, kuyeretsa denga lonse. A Auke anagona chagada, owonda, maso ali gwa.

"Ndiwe Douwe?" anafunsa ndi mawu otsika. "Ng'ombe zako ndazidziwa zonse, iwe. Ija ya banga pamphumi ndi yadyera ngati bambo ako."

"Mankhwala amawagoneka seveni koloko," ananong'ona mayi Tjitske. "Kuwalaku kumawadzutsa. Mukamazimitsa leveni, tulo tathawa kale, ululu wabwerera."

Rinske anamva manyazi mpaka m'makutu. Kalata ija anaipinda n'kuikankhira pansi penipeni m'thumba.

Atabwerera, a Douwe sanalowe m'nyumba. Anatenga makwerero.

"Gwira apa, usagwedeze."

Anakwera n'kuyamba kuchotsa nyali zonse za mzere woyang'ana kungalande, imodziimodzi. Zala zawo zinauma ndi chisanu, koma sanatsike mpaka yomaliza. Kenako anakoka lona kutseka mbali imeneyo, n'kusiya mpata pansi woti mphepo izidutsa.

"Ababa, nanga mkaka suchepa?"

"Uchepa."

"Koma a khonsolo anati tilibe mlandu."

"A khonsolo anayeza pamsewu, mwanawe. Pamsewu sipagona munthu."

Rinske anawayang'ana ali pamwambapo, chipewa chitapendekeka, ndodo ya lona ili kukhwapa. Kusukulu anzake ankatama abambo awo a magalimoto ndi maofesi. Iye usiku umenewo sakanasinthanitsa ake ndi wina aliyense.

M'mawa mwake linali Loweruka. Atamaliza kukama, a Douwe anamutuma kuti akatule nyali ziwiri mwa zimene anachotsa zija kwa mayi Tjitske, poti m'shedi mwawo munalibe. Inali itadutsa naini. Rinske anawoloka kamlatho ka pangalande, nsapato zake zikulira kho kho kho pa njerwa. Asanafike pakhomo, mayiwo anatuluka mofulumira chala chili pakamwa, maso ali ofiira ndi misozi.

"Pang'onopang'ono, mwanangu. A Auke akadali m'tulo. Chigonereni dzulo."

Rinske anaima pomwepo. Anaika nyalizo pansi mosamala, anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja, ndipo anawoloka kubwerera kwawo ndi masokosi okha pa njerwa zozizira.